Nyimbo ya Barbara Strozzi yandisowetsa tulo: anali ndani mayiyu, nanga ingaimbike ndi kiyibodi yokha?

Sopulano wa ku Zingwangwa

Moni nonse. Ine ndine telala, kashopu kanga kali ku Limbe, ndipo ndakhala ndikuimba sopulano m'kwaya ya amayi a Mvano kwa zaka 16. Manotsi a pamizere isanu aja sindiwadziwa, ndimangotsata solofa, nayonso mokwawa.

Sabata yatha mwana wa achemwali anga amene ali pasukulu ku Cape Town ananditumizira nyimbo pa WhatsApp, n'kulemba kuti, "Anti mverani iyi, mawu ake ngokwera ngati anu." Ndinaitsegula Lachitatu madzulo ndili m'minibasi, titatsekeka pamzere wa magalimoto pa Chichiri, kachingwe kali khutu limodzi poti mbali inayo inafa kalekale. Dzina lake ndi Lagrime mie, woipeka Barbara Strozzi. Ilibe malonje. Mayi woimbayo amangogwira liwu limodzi pamwamba, kuligwirabe, kenako n'kuyamba kutsetsereka nalo monjenjemera ngati munthu amene mawondo amulobodoka. Thupi langa lonse linachita tsembwe. Kutsika kumeneko ndinakumvapo kale: ndi mmene anabumira azakhali anga pobwera pa maliro a mayi anga ku Chiradzulu, akadali kumsewu, mtolo wa nkhuni usanatsike pamutu. Kondakitala anachita kundigwedeza paphewa kuti ndilipire.

Ndinaibwereza usiku wonse mpaka bandulo kutha. Loweruka ku pulakatisi ndinawamvetsera akwayamasitala athu. Anamvera pang'ono, n'kubweza foni, amvekere, "Zachizungu izi mayi, zimafuna okesitula." Mnyamata wina amene analipo anafufuza pa foni yake n'kunena kuti mayiyu anali woyendayenda, ndiye amayi onse anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma ine mumtima sinathe. Mayiyu anali ndani? Akulira chiyani m'nyimbomu? Za uhulezo n'zoona? Ndipo munthu ngati ine, wa solofa ndi kiyibodi ya kutchalitchi, ndingaiphunzire, kapena ndingosiya ndizimvera?

Mphunzitsi wopuma, Chilomoni

Mayi, khutu lanu silinakunamizeni. Nyimboyo ndi ya m'gulu la nyimbo zodandaula, zimene a ku Italy a nthawi imeneyo ankazikonda kwambiri, ndipo poyambira pakepo anapapanga dala kuti pamveke ngati munthu akubuma. Koma ndiyambe ndi mwini wake.

Barbara anabatizidwa pa 6 Ogasiti 1619 m'tchalitchi cha Santa Sofia ku Venice, mzinda uja misewu yake ndi ngalande za madzi. Mayi ake, Isabella, anali wantchito wa m'nyumba ya Giulio Strozzi, mlakatuli wotchuka amene ankalembera mawu akatswiri a nyimbo ngati Claudio Monteverdi. Giulio ankati Barbara ndi mwana womulera, wochita kusankha, koma ofufuza ambiri amavomerezana kuti anali wake weniweni, wobereka ndi wantchitoyo. Nkhani zoterezi kwathu kuno sitichita kufunsa. Kusiyana kwake n'kwakuti bamboyu sanamuthamangitsire kumudzi mwanayo. Anamusunga pakhomo, anamupatsa dzina lake, n'kumupezera mphunzitsi weniweni, Francesco Cavalli, woimba limba m'tchalitchi chachikulu cha San Marco, amene pambuyo pake anakhala kadaulo wa zisudzo zoimba, zija amati opera. Mliri wa 1630 mpaka 1631 unapha pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse mu Venice, koma mtsikanayu unamulambalala. Pofika 1635, ali ndi zaka 16, mawu ake anali atamveka kale moti Nicolò Fontei anatulutsa buku la nyimbo zopekera iyeyo, ndipo chaka chotsatira anatulutsanso lina.

Mu 1637 Giulio anakhazikitsa kabungwe kotchedwa Accademia degli Unisoni. Anali amuna ophunzira, alakatuli ndi anthu a ndalama, okumana m'nyumba mwake kudzakambirana ndi kumvera nyimbo. Mabwalo oterewa akazi sankakhalamo, koma pano Barbara ndiye anali pakati: ankaimba, ndiponso ankapereka mutu woti akuluakuluwo atsutsane. Tsiku lina mutu unali wakuti, pa nkhani ya chikondi champhamvu n'chiti, misozi kapena nyimbo? Mlandu unakomera nyimbo, ndipo zolembedwa za bwalolo zimasimba kuti iye anawaseka alendowo kuti akudziwa bwino kuti sakanabwera akanawaitanira kudzamuona akulira, anabwera chifukwa anawaitanira kudzamumva akuimba. Ndimaikonda nkhani imeneyi, makamaka ndikaganiza kuti patapita zaka zoposa 20 anadzatenga misozi yomweyo n'kuiika m'nyimbo imene yakusowetsani tuloyi.

Tsopano chimene chimandichititsa kumuvulira chipewa. Pakati pa 1644 ndi 1664 anasindikiza mabuku 8 a nyimbo zake, dzina lake lili pachikuto. Lachinayi linasowa, 7 alipo mpaka lero, ndipo nyimbo zake zonse zimapitirira 100. Nyimbo imodzi sachezera gule, iye anadziwa. Amuna ambiri otchuka a nthawi yake, nyimbo zawo za mtundu umenewu zinkangoyenda m'mapepala olemba pamanja, koma iye ankapita nazo kwa osindikiza. Sanalembedwepo ntchito kutchalitchi kapena kunyumba ya mfumu, kumene amuna anzake ankalandira malipiro a pamwezi, ndipo opera sanalembepo ngakhale imodzi, chonsecho nyumba yoyamba ya opera yolowa aliyense wogula tikiti inatsegulidwa mumzinda wake momwemo mu 1637. Ndiye pafupifupi buku lililonse ankalipereka kwa munthu wamkulu, kuyembekeza mphatso kapena chitetezo. Loyamba, la 1644, analipereka kwa Vittoria della Rovere wa ku Tuscany. Dzina loti Rovere limatanthauza mtengo waukulu wa oki, ndipo m'mawu otsogolera Barbara analemba kuti iye monga mkazi akudziwa kuti wachita kulimba mtima potulutsa bukulo, n'chifukwa chake akulibisa pansi pa mtengowo kuti mphezi za amiseche zisaliwombe. Taonani, anadziwiratu zimene anyamata a pa foni adzanene. Bambo ake atamwalira mu 1652 osasiya chuma chenicheni, mabuku anayamba kutuluka motsatizana: 1654, 1655, 1657, 1659. Pamenepo si zosangalatsa alendo ayi, ndi mayi wofuna kudyetsa ana.

Lagrime mie ili m'buku lachisanu ndi chiwiri, la 1659. Mawu oyambawo akutanthauza "misozi yanga", ndipo woimbayo akuifunsa misoziyo kuti ikudziletseranji, bwanji osangotuluka kuti ululu umene ukumutsamwitsa uphwe. Mudabwa kumva kuti si ya maliro. Wolankhulayo ndi mwamuna. Wokondedwa wake, Lidia, watsekeredwa m'nyumba ndi bambo ake, pakati pa makoma pamene dzuwa silifika, chifukwa chongomuyang'ana mnyamatayo ndi diso lachifundo. Ndiye chimamupweteka kwambiri n'chakuti mtsikanayo akuvutika chifukwa cha iye. Mukamveranso, tcherani khutu pamene kulira kwa poyamba kuja kukubwereranso pakati pa nyimbo, ngati mmene namfedwa amatontholera n'kuyambiranso akaona wachibale wina akulowa pasiwa.

Barbara anamwalira ku Padua pa 11 Novembala 1677 ali ndi zaka 58. Za kiyibodi ndisiyira achinyamata, zala zanga zinauma.

Wa kiyibodi, Ndirande

Anti, akwayamasitala anuwo ndiwalemekeze, koma pa okesitula aphonya. Nyimbo zambiri za Strozzi ndi za munthu mmodzi, kawirikawiri sopulano, ndi mzere umodzi wa besi basi. Papepala pamakhala mizere iwiri: wapamwamba wa woimba, wapansi wa besi. Makodi sanalembedwe onse, woimba chida amadzazamo yekha poyang'ana besiyo, mwina ndi timanambala apa ndi apo. Amati basso continuo. Kunena zoona ndi zomwe timachita ife Lamulungu lililonse mayi wina akangoyambitsa kolasi mosachenjeza, ife n'kumasakasaka kiyi. Nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito harpsichord (chida chonga piyano), kalimba kakang'ono, kapena theorbo, chigitala cha khosi lalitali kwambiri. Ndiye kiyibodi ikwana. Chachikulu muuzeni mnyamata wanu azimitse ng'oma ndi zodziimba zokha zija, asankhe mawu a harpsichord kapena limba lofewa, ndipo azikutsatirani inuyo. Nyimbo izi mbali zina zilibe bit yokhazikika, mumakhala ngati mukulankhula, kenako mwalowa m'kanyimbo koyenda bwino, kenako mwabwerera kolankhula. Akangoyatsa ng'oma yapha zonse.

Koma anti, mwayambira pa Sapitwa. Kwerani kaye Soche. Lagrime mie ndi yaitali, mphindi 8 kapena kuposa, ndipo poyambira pomwe pakukomeranipo pali msampha: mukachoka pa la mumatsikira pa se, kenako n'kudumphira pa fa. Mpata wa se ndi fa ndi waukulu, sitinauzolowere m'nyimbo za m'buku, khosi limafuna kuthawira pa so. Ukangoimba so, kulira konse kuja kwatha, yasanduka nyimbo wamba.

Yambani ndi Che si può fare, ya m'buku lake lomaliza la 1664. Tanthauzo lake ndi "nanga n'kutani?" Munthu akudandaula kuti nyenyezi zamuukira, kumwamba sikukumumvera chisoni, nanga achite chiyani. Chigawo choyamba, chomwe ambiri amajambula pachokha, besi yake ndi manotsi anayi okha otsika, la, so, fa, mi, kubwerezabwereza ngati munthu akusinja, kuwerenga kwake kwa patatu. Mwana wa Sande sukulu angaigwire. Ukatswiri wonse uli pamwamba: woimba salowa pamodzi ndi besi nthawi zonse, amachedwa dala, liwu lake n'kugundana ndi besi kwa kamphindi, kumva kuwawa, kenako n'kutsika kukagwirizana. Musamathawe kugundanako poganiza kuti mwaphonya. Ndi pomwe pali nyimbo.

Manotsi ake alipo aulere pa IMSLP, webusaiti yosungirako manotsi a nyimbo. Enawo ndi zithunzi za mabuku akalewo, ovuta kuwerenga, koma alipo olembedwanso mwamakono. Mukafuna ndikusandutsirani chigawo choyambacho kukhala solofa, ndi ntchito ya madzulo amodzi magetsi akakhalapo. Chitaliyana chisakuopseni, chimawerengeka pafupifupi ngati Chichewa, a e i o u zomwezi. Mungosamala kuti "che" amatchula "ke".

Mkulu wa mpingo, Bangwe

Ine sindikana kuti mayiyo anali ndi luso. Koma tisasokoneze zinthu. Aphunzitsi anena okha kuti ndi nyimbo ya mnyamata wolirira chibwenzi. Nanga imeneyo mayi wa Mvano, atavala yunifolomu, akaimbire kuti? Ndiponso funso la khalidwe lake palibe amene waliyankha, mwangolizungulira. Anakwatiwa kapena ayi? Ana aja akutchulidwawo bambo wawo ndani? Utsi sufuka popanda moto.

Aluto wa ku Limbe Cathedral

Bambo a ku Bangwe, funso lanu ndi lolunjika, ndiliyankhe molunjikanso. Sanakwatiwe. Anabereka ana anayi, ndipo atatu mwa iwo, mwinanso onse, bambo wawo anali Giovanni Paolo Vidman, munthu wolemera, mnzake wa Giulio, amene anali ndi mkazi wake kunyumba. Vidman anamwalira mu 1648. Zimenezo n'zolembedwa, palibe chobisa.

Koma kubereka ndi mwamuna wa mwini ndi nkhani ina, kugulitsa thupi ndi nkhani inanso. Mbiri ya uhuleyo ili ndi magwero awiri. Loyamba ndi timapepala tachipongwe topanda dzina la wolemba timene tinkayenda mu Venice kunyoza bwalo la Unisoni lija, n'kumamutchula iyeyo. Lachiwiri ndi chithunzi chojambula pamanja chimene chili ku Dresden, cha mayi atagwira chida cha zingwe chotchedwa viola da gamba, bere limodzi lili pamtunda. Anajambula ndi Bernardo Strozzi, ndipo ambiri amakhulupirira kuti mayiyo ndi Barbara. Nthawi imeneyo ku Venice mkazi woimba pamaso pa amuna ankangomuganizira zomwezo, chifukwa akazi oyendayenda apamwamba a mumzindawo ankaphunziradi nyimbo. Akatswiri a mbiri mpaka lero amatsutsana. Moto umene mukunenawo, nthawi zina amakoleza ndi anthu ansanje. Inu simunamvepo zimene amanenedwa atsikana oimba m'mabandi konkuno, ngakhale a nyimbo zauzimu?

Chimene chinandidabwitsa ine ndi zimene anapeza wofufuza mbiri ya nyimbo Beth Glixon m'zaka za m'ma 1990 atafufuza m'makaundula akale a ku Venice: Barbara ankayendetsa yekha ndalama zake, mpaka anabwereketsa ndalama zambiri kwa Vidman yemweyo. Wolemera kukongola kwa mwana wa wantchito! Ana ake aakazi awiri analowa usisitere, mwana wamwamuna mmodzi analowa m'chipani cha amonke.

Tsono za koimbira. Buku lake lachisanu, la 1655, lonse ndi la nyimbo zauzimu za m'Chilatini, za munthu mmodzi ndi besi. Analipereka kwa Anna de' Medici wa ku Innsbruck, ndipo muli nyimbo ya Anna Woyera, mayi ake a Maria, komanso Salve Regina. Ndikudziwa kuti achemwali athu a Mvano za Maria sangaimbe kwawoko, ndiye apo ndingoseka. Koma kunena kuti mayiyu ankangodziwa za zibwenzi si zoona. Ndipo akafuna wopeka nyimbo amene palibe angamuloze chala, aliponso Isabella Leonarda, sisitere wa ku Novara, wobadwa mu 1620, chaka chimodzi pambuyo pa Barbara. Anakhala m'nyumba ya masisitere kuyambira ali mtsikana mpaka pamene anamwalira mu 1704 ndipo anapeka nyimbo pafupifupi 200. Zake n'zabwino, koma ine pandekha sizindigwira pakhosi ngati za Barbara.

Komanso bambo, mayiwa sananene kuti akaimba pa guwa. Munthu saloledwa kuimba akusoka?

Mkulu wa mpingo, Bangwe

Akusoka aimbe. Ine ndimanena za m'nyumba ya Mulungu basi. Za ngongoleyo sindimadziwa.

Sopulano wa ku Zingwangwa

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri. Abambo a ku Bangwe musade nkhawa, yunifolomu yanga siidzamva Chitaliyana.

Aphunzitsi, ndinakhumudwa pang'ono kumva kuti ndi nyimbo ya chibwenzi, poti ine ndinali nditaikamo kale mayi anga. Ndinakhala tsiku lonse osaimvera. Koma dzulo ndikusita diresi la mkwatibwi ndinaiyatsanso, ndipo palibe chinasintha, azakhali aja anabwerabe ndi mtolo wawo. Kaya Lidia kaya ndani, amene analemba kutsika kuja analirapo maliro enieni. Munthu amene anaona mliri uja ali ndi zaka 11 sangalephere kudziwa kubuma.

Koma chimene chandikhala pamtima ndi cha mabuku 8 aja, dzina pachikuto. Ndinene chimene sindinanenepo pagulu. Zaka zingapo zapitazo mwana wanga wachiwiri atagonekedwa m'chipatala milungu itatu, ndinapeka kolasi ndili pa benchi ya panja usiku. Atachira ndinakaiphunzitsa kwa amayi anzanga, mawu onse anayi ndinagawa ndekha pakamwa. Inakondedwa, inafika mpaka m'mipingo ina, ndaimvapo pa maliro a anthu osawadziwa. Kwaya ina itajambula chimbale inaiikamo, ndipo pachikuto analemba dzina la munthu wina, bambo amene anangoilemba m'solofa. Nditadandaula anandiuza kuti nyimbo ya Mulungu ilibe mwini. Ndinavomera, nanga n'kutani. Koma dzina la bamboyo lilipobe pachikutopo, ndiye kaya mwini wake alipo kaya palibe, inu mundiuze. Nyimbo zambiri zimene timaimba amayi pa maliro ndi pa zinkhoswe zinayamba ndi mayi wina wake pamtondo kapena pachipatala, ndipo palibe amene angamutchule. Uyu wa ku Venice, ndi mbiri yake yonse yonyozekayo, patha zaka zoposa 360 ndipo telala wa ku Limbe akumutchula dzina ndi la bambo ake lomwe.

Achimwene a ku Ndirande, ndayesa la, so, fa, mi uja. Mwana wanga wamkazi amagwira besiyo pakamwa ine n'kumayendapo pamwamba motsatira foni. Pogundana paja iye amaseka n'kusiya, akuti ndaphonya, ndiye timayambiranso. Vuto lina ndi mpweya: mzere wautali uja umandithera pakati, ndimafika kumapeto ndili wefuwefu ngati ndakwera chitunda cha ku Soche ndi ndowa. Solofayo ndikuifuna ndithu. Ndipo ngati simutopa, tsiku lomwelo mundilemberenso kolasi yanga ija papepala, ndikuimbirani. Ndilipira ndi malaya, mungonditumizira muyezo wa khosi ndi mikono.

Wa kiyibodi, Ndirande

Zatheka anti, Loweruka likubwerali mukatseka shopu. Za mpweya musadzikakamize kumaliza mzere wonse, pumirani pamene pathera mawu, pamene pali chizindikiro cha koma. Nyimbo zimenezi kupuma kwake kumamveka ngati kusisima, ndiye sikuipitsa kanthu. Mwana wanuyo mubwere naye, ndimuonetse pa kiyibodi kuti kugundanako n'kolembedwa. Kolasiyo mubwere mutalemba kale mawu ake, ndi dzina lanu lonse mmene mukufuna lilembedwere pamwamba. Khosi ndi 15 ndi theka, mikono yaitali.